Ndere za Amuna Anga

Ndinadzuka kunja kusanache, atambala asanayambe kulira. Sindinganene kuti ndinagona. Ndinangotsamira khoma n'kusinza pang'ono. Amayi amene anachezera kuimba anali atatopa, atagona pamikeka mopingasana, ena mitu ili pamiyendo ya anzawo. Bokosi la amuna anga linali pakati pa chipinda chochezera, ine ndili kumutu kwake. Mipando, tebulo ndi kabati ya mbale anali atazitulutsa dzulo lake kuti anthu akwane. Chimene chinawakanika ndi thanki ya galasi. Anyamata anayesa kuikankha, koma madzi ndi miyala zinawalemera, ndiye anangoisiya pakona pomwepo n'kuifunditsa chitenje.

Pansi pa chitenjecho pankatuluka kuwala kofiirira, ndipo pampu inkalira chapansipansi monga mwa masiku onse. M'chipinda monsemo, kupatula ine, zimene zinali maso zinali za pakonapo basi.

Ndifotokoze za thanki imeneyi, chifukwa ku Mwenilondo konse kunalibe munthu wina amene anali ndi chinthu chotere. Ine ndine wa ku Dedza. Amuna anga ndinakumana nawo ku Salima, kumene ankagwira tinsomba ta m'miyala totumiza kunja kwa anthu oweta nsomba m'nyumba. Titakwatirana anapeza ntchito yonga yomweyo ku Dar es Salaam, koma ya nsomba za m'nyanja yamchere. Anakhalako zaka zambiri, ine ndikulera mwana wathu Tusekile kuno kwawo, pakati pa anthu amene chilankhulo chawo mpaka lero ndimangochimva mwa apo ndi apo. Atapuma ntchito sanabwere ndi njinga yamoto kapena kugula ng'ombe monga anzawo. Anabwera ndi magalasi okulunga m'mabulangete ndi zidebe za miyala yomizidwa m'madzi. Ankakonda kusimba mmene anthu pachipata cha Songwe anasekera poona munthu wamkulu akuwolotsa miyala, ngati kuti ku Malawi inatha.

Miyalayo inali ndi moyo. Pamwamba pake pankamera tinthu tooneka ngati maluwa, tina ngati bowa, tina ngati zala za khanda. Iwo ankatitchula m'Chiswahili kuti matumbawe. Si zomera ayi, ndi tizilombo, ndipo madzi akangoda pang'ono timafa. Munalinso tinsomba tochepa, kachikasu, tabuluu, ndi tina tamizere yoyera. Madzi ankawapanga okha. Ankasunga a mvula m'migolo yabuluu kuseri kwa nyumba, n'kumawasakaniza ndi mchere wapadera wochokera ku Dar, osati wothira m'ndiwo.

Koma chimene ankachinyadira kwambiri sichinali pamwamba pamene alendo ankayang'ana. M'kabati ya pansi pa thanki munali kathanki kena kakang'ono, kodzaza ndi ndere zobiriwira zopiringizana ngati tsitsi losapesa. Iwo ankati mwani, ine ndinkangoti ndere. Ankandiuza kuti ndowe za nsomba ndi chakudya chotsala zimasungunuka m'madzi n'kusanduka litsiro losaoneka ndi maso. M'nyanja yaikulu litsirolo limamwazika, koma m'galasi lilibe kopita, limangounjikana mpaka matumbawe kufa. Ndiye madzi ankatsika ndi paipi kuchoka pamwamba, n'kudutsa m'nderemo, pampu n'kuwakwezanso. Ndere zinkadya litsiro lija n'kumakula nalo. Usiku ankaziyatsira getsi lofiirira kuti zizikula pamene zapamwamba zikugona. Loweruka ankazulako kadzanja n'kukataya, akumati litsiro la sabata yonse lapita. Ndinkawaseka kuti anandikwatira mitala ndi ndere, iwo n'kumayankha kuti mkazi wamng'onoyo salongolola.

Anagwa pakhonde Lachiwiri m'mawa akupita kukatunga madzi ku migolo ija. Kuchipatala sanakhalitseko.

Kunja kutayamba kuyera, ndinkaona bwalo kudzera pakhomo. Abambo anali atazungulira moto pansi pa mtengo wa mango, ena atafunda majekete, ena akugona chokhala pamipando yathu. Kuseri kwa khitchini utsi unali utakwera kale. Amayi ankasenda nthochi zosapsa zophikira mbalagha, chakudya cha kuno cha nthochi ndi nyama, ena akupeta mpunga, ndipo ng'ombe anali ataipha kale kudimba la nthochi, agalu a m'mudzi wonse atakhala patali kudikira. Ndinaona atsikana akudutsa ndi ndowa zodzaza, akuchokera kumene kuli migolo yabuluu. Mjigo uli patali, ndipo madzi a m'migolomo anali pafupi, oyera bwino. Ndinangoyang'ana. Namfedwa safunsa za madzi.

Alamu anga aakazi, mlongo wawo wa malemu, anadzuka nandimanga chitenje m'chiuno mothinitsa. Anati ndi mmene amachitira kuno, kuti munthu alire ali ndi mphamvu. Kenaka anakhala pambali panga, phewa lawo likukhudza langa, ndipo tsiku lonse sanandisiye. Ndi munthu wabwino. Kungoti pa zaka zonsezi ine ndi iwo sitinachezepo nkhani yaitali.

Dzuwa litangotuluka anthu anayamba kufika. Ena pa njinga, ena pa kabaza, ena pa lole yochokera ku boma. Abale a kuchikazi anabwera kuchokera ku Uraha atasenza mitolo ya nkhuni ndi malichero a ufa. Kunabweranso abambo ovala bwino ochokera ku Songwe, amene amathandiza amalonda kuwolotsa katundu, akulankhula Chiswahili pa mafoni awo. Gulu lililonse la amayi linkayamba kulira lili kumsewu, n'kulowa m'nyumba mowerama, n'kugwa pafupi ndi bokosi. Akatonthola ankapatsana moni wautali m'Chinkhonde ndi alamu anga, kufunsana za kumudzi, za ana, za matenda. Akafika pa ine ankasintha n'kunena kuti, "Pepani chomene, mama," n'kundigwira dzanja, kenaka n'kubwerera ku chilankhulo chawo. Ndinkamva dzina la amuna anga likutchulidwa uku ndi uku, koma zimene ankanena za iwo zambiri zinkandidutsa.

Kwathu kunabwera munthu mmodzi, mchimwene wanga. Anayenda usiku wonse pa basi, anafika maso ali psuu, malaya ali fumbi lokhalokha. Anasuzumira pakhomo, tinayang'anana, ndipo anapita kukakhala kwa abambo, kumapeto kwa benchi, chipewa chili pabondo. Panalibe amene ankamudziwa.

Tusekile anaimba foni kuchokera ku Cape Town. Mapepala ake anatha, ndipo akanati atuluke sakanabwereranso ku ntchito yake. Alamu anga anandigwirira foni pafupi ndi nkhope. Chithunzi chinkaima, n'kuyendanso, n'kuimanso ali chitsegulire pakamwa. Anapempha kuti aone nkhope ya bambo ake, koma nthawi yotsegula bokosi inali isanakwane. Analira, inenso ndinalira. Kenaka anapukuta mphuno n'kufunsa kuti, "Amayi, nsomba zadya?" Ndisanayankhe foni inaduka. Zinali zisanadye chigwere bambo ake, koma zimenezo sizinandidetse nkhawa. Iwo ankanena kuti njala siipha nsomba msanga, chimene chimapha ndi madzi.

Dzuwa litakwera kutentha kunayamba, kuja kwa mwezi wa Novembala kumene malata amachita kulira. M'chipindamo munadzaza anthu, thukuta, fungo la maluwa ndi la mankhwala a m'bokosi. Masiku otere amuna anga ankaloza fani pamwamba pa madzi n'kuyandamitsamo mabotolo a ayezi. Tsiku limenelo fani anali ataitembenuzira kwa azimayi okalamba, ndipo thanki inali chifundire.

Apa m'pamene analowa alamu anga aakulu, mkulu wawo wa malemu, amene ankayendetsa zonse za maliro. Anadutsa mosamala pakati pa miyendo ya amayi nanjuta patsogolo panga.

"Mlamu, magetsi azima. Anthu achuluka, akumbuyo sadzamva kanthu. Titengeko batire la sola lija tilumikize zimkuzamawu."

Batire limenelo amuna anga analigulira thanki, kuti magetsi akazima pampu isaime. Ndikanati chiyani bokosi lili pamaso panga? Kuti abusa asamveke, nsomba zipume? Ndinagwedeza mutu. Anyamata analowa, anazula mawaya, n'kulinyamula awiriawiri. Kulira kwa pampu kunaleka. Palibe wina anazindikira, popeza amayi a mpingo anali atayamba nyimbo ina, koma ine m'makutu mwanga munangoti zii, monga zimachitikira basi ikazimitsa injini pakati pa ulendo.

Atatsegula bokosi, anthu anayamba kulowa pamzere kudzaona nkhope, kulowera khomo lakumaso n'kutulukira lakuseri. Anadutsa aphunzitsi, asodzi, amayi ogulitsa mpunga pamsika, ana a sukulu amene ankabwera kudzaonera nsomba pawindo. Pakati pawo panali bambo wina wa golosale wochokera ku Mangochi, atavala mkanjo woyera ndi kachipewa kake. Iyeyu ndiye ankathandiza amuna anga kuitanitsa mchere kudzera kwa madalaivala a malole, ndipo madzulo ambiri ankakhala nawo pakhonde akumwa tiyi. Atayang'ana m'bokosi anawerama pafupi nane nalankhula motsitsa mawu.

"Mayi, pepani. Thumba la mchere lija anaitanitsa lafika dzulo. Ndibwera nalo madzulo."

Pamenepo ndiye ndinalira kwenikweni, kulira kochokera m'mimba, mpaka alamu anga aakazi anandigwira m'chiuno. Amayi onse anakweza mawu kundithandiza. Iwo ankaganiza kuti ndikulira nkhope.

Bokosi analitulutsa n'kuliika pabwalo pansi pa tenti. Pondidzutsa ndinayesa kusuzumira kumbali kwa chitenje chofunditsa thanki, koma anandigwira mikono uku ndi uku, ndipo ndinangotuluka. M'nyumba munatsala amayi achikulire ochepa, amene miyendo sikanawalola kufika kumanda, oti asese ndi kukonza m'nyumba ife tikachoka.

Mwambo wa pabwalo unatalika. Analankhula a kuchimuna, a kuchikazi, a mpingo, anzawo a ku Dar. Ambiri ankayamba ndi Chichewa pofuna kulemekeza alendo, koma mtima ukawakwera ankalowa Chinkhonde osabwereranso. Mawu ankatuluka m'zimkuzamawu mwamphamvu mpaka kumsewu, ndipo ine ndinkamva batire lija likutha m'mawu aliwonse. Mkulu wina woyenda ndi ndodo anaseketsa anthu. Alamu anga aakazi anandinong'oneza kuti akunena zoti malemu anali munthu yekhayo amene ankaweta nsomba zosadya, kwawo kuli usipa wotaya. Anthu anaseka mwachikondi, ena akupukuta misozi. Mchimwene wanga atapatsidwa mpata anaimirira, anathokoza mwachidule, n'kukhala pansi. Mitambo yakuda inaunjikana cha kumapiri a ku Tanzania, kunagunda kamodzi patali, koma mvula sinabwere. Kunangobwera mphepo yotentha imene inakweza fumbi n'kugwedeza tenti.

Tinanyamuka dzuwa litapendeka. Manda a banja ali kuseri kwa mudzi wakale wa apongozi anga, ndipo njira yake imadutsa m'nthochi ndi m'minda ya chinangwa. Kutsogolo kunali amayi a malaya oyera atanyamula nkhata, kenaka bokosi pamapewa a anyamata amene ankalandizana osaima, kenaka ife. Njirayo ndi yopapatiza, choncho anthu anatambasuka mzere wautali, nyimbo ya kutsogolo n'kumasiyana ndi ya kumbuyo. Mchenga unkawotcha mapazi. Ana anakwera m'mitengo ya mango kuti aone bwino. Mayi wina amene ankapalira chinangwa chake anaika khasu pansi n'kugwada mpaka tonse tinadutsa.

Za kumanda sindikumbuka zambiri. Ndikukumbuka dothi lofiira lounjikidwa pambali, zingwe zikutsetsereka m'manja mwa anyamata, ndi kulira kwa dothi loyamba pa matabwa. Anandiitana kuti ndiike nkhata, ndinaika. Ataitana dzina la Tusekile, msuweni wake wina anatuluka n'kukamuikira. Mafosholo ankalandizana mofulumira, ndipo posakhalitsa panali mtumbira, maluwa ali pamwamba, anthu akutembenuka kufunsana za mayendedwe.

Pobwerera tinasamba m'manja pa beseni limene anaika polowera pabwalo. Anthu anakhala m'magulu, mbale za mpunga ndi mbalagha zikuyenda. Ine anandilowetsa m'nyumba.

M'chipinda chochezera munali mosesedwa bwino, pansi atakolopa, mikeka atayala mwatsopano. Chitenje chija anali atachichotsa pa thanki n'kuchipinda. Chitseko cha kabati ya pansi chinali chotsegula. Kathanki kakang'ono kaja kanali mbee, galasi lake likuwala monga sindinalionepo, kodzaza ndi madzi oyera a pamjigo, timathovu ta sopo tili m'mbali. Ndere munalibe ngakhale kaulusi kamodzi.

Pambali pake panakhala mayi wina wachikulire wa nyumba yoyandikana nafe, chitenje chake chitanyowa m'mawondo, kansanza kali m'manja. Amuna ake anamwalira chaka chatha, ndipo masiku amenewo ine ndinkamutungira madzi. Chichewa amachidziwa pang'ono. Anandiyang'ana akumwetulira ndi nkhama zake.

"Nasuka makora, mama. Munali nyansi zobiriwira, zonunkha. Alendo asaone."

Zala zake zinali zitachita makwinya ndi madzi. Ayenera kuti anagwada pamenepo nthawi yonse imene ife tinali kumanda. Ndinamugwira dzanja n'kunena kuti, "Ndagha, mama," mawu othokozera, amodzi mwa mawu ochepa a kuno amene ndimawatchula bwino. Anakondwa.

Nthawi yomweyo anyamata aja analowa ndi batire, naliika pamalo pake, mmodzi n'kutola mawaya kuti alumikize. Ndinaona zimene zikanachitika: pampu kudzuka, n'kukweza madzi a sopo opanda mchere aja kupita nawo pamwamba.

"Musalumikize!"

Ndinakuwa. Tsiku lonse ndinali ndisanakweze mawu pokhapokha polira, ndipo ngakhale amene ankadya pakhonde anasiya kutafuna. Alamu anga aakulu anasuzumira pakhomo. Anandiyang'ana, anayang'ana thanki, kenaka anauza anyamatawo m'chilankhulo chawo kuti achite zimene ndinene. Ndinagwada n'kuzula waya wa pampu ya pansi. Ndinawalozera wa kapampu kakang'ono kamene kamangozunguza madzi a pamwamba, ndi wa fani. Atalumikiza, madzi anayamba kugwedezeka.

Apa m'pamene ndinayang'ana bwinobwino m'galasimo. Madzi anali ofunda ngati osamba mwana. Tinsomba tinali pamwamba, tikutsegula ndi kutseka pakamwa mofulumira. Matumbawe onse anali atafinyika, ena atatulutsa zoterera zoyera. Kachikasu kaja kanali kuseri kwa mwala, katagona chammbali, mtundu utatuwa. Ndinakavuula ndi dzanja. Kanali kopepuka ngati tsamba.

Ndinafunsa mayi uja kumene anataya zobiriwira zija. Analoza kudzala, kuseri kwa khitchini. Ndinatuluka. Alamu anga aakazi anayesa kundigwira mkono, koma ndinapitirira, ndipo anthu amene ankadya pabwalo ananditsatira ndi maso. Kudzalako kunali phulusa la moto wa tsiku lonse, makoko a nthochi, ndi zam'mimba za ng'ombe zimene ntchentche zinali zitaunjikira. Abakha anali atafika kale, akukokerana ndere zija. Ndinawaingitsa. Za pamwamba zinali zitauma ndi dzuwa, zina zitakutidwa ndi phulusa. Ndinakwirira kansomba kaja pambali, kenaka ndinagwada n'kuyamba kufukula ndi manja. Pansi pa makoko a nthochi ndinapeza kachibulumwa konyowa, kobiriwirabe, kokwana m'dzanja limodzi.

Nditatukula mutu, mchimwene wanga anali ataima pambali panga, kachikwama kake kali paphewa.

"Chemwali, anthu akukuonani. Dzukani."

Ndinadzuka, ndere zili m'manja, madzi ake akutsika m'chigongono.

"Ine ndikukakwera ya madzulo ano, mawa ndikufunika ku ntchito," anatero. "Koma mwambo ukatha ndidzabwera kudzakutengani. Mutsalira yani kuno? Mwana kulibe, mwamuna ndi uyo tamuika. Ngakhale moni wawo mumachita kuganizira poyankha. Kwathu nyumba ya amayi ilipo, munda ulipo."

Sanalakwitse ngakhale liwu limodzi. Ndinaganiza za kuzizira kwa ku Dedza, za kukhala pakati pa amayi amene akaseka ndingamve chimene akusekera. Ndinazifuna zimenezo kuposa mmene iye akanadziwira.

"Thanki singakwere basi, achimwene," ndinatero.

Anandiyang'ana nthawi yaitali, kenaka anayang'ana zimene zinali m'manja mwanga. Ndikhulupirira anaganiza kuti chisoni chandisokoneza mutu. Anati tidzakambirana pa foni, nandigwira paphewa, n'kulowera kumsewu. Ndinamuona akuimitsa kabaza, chipewa atachigwira ndi dzanja kuti chisauluke.

Dzuwa likulowa bwalo linayamba kuchepa anthu. Lole ya ku boma inanyamuka, amayi ali pamwamba atakumbatira mapoto awo. A ku Uraha anatsanzika. Anyamata anagwetsa tenti, mabenchi anawabweza ku tchalitchi. Panatsala mafuwa akuda, mapepala a maswiti, ndi udzu wopondedwa. Bambo wa golosale uja anafika ndi thumba pa njinga, analitsamiritsa pakhomo osalowa, nati akuthamangira mapemphero. Alamu anga aakulu analinyamula okha n'kulilowetsa m'nyumba. Anaima pang'ono kutsogolo kwa thanki, manja ali kumbuyo, ngati akufuna kunena kanthu. Anangoti, "Mupume, mlamu," n'kutuluka.

Amayi amene anatsala kuti agone nane anapita kuchipinda chakuseri, kumene ankacheza motsitsa mawu m'Chinkhonde. Ine ndinatsala ndekha pamene panali bokosi. Ndinatunga madzi pang'ono m'thanki yaikulu n'kutsukiramo ndere zija m'kabeseni, kuchotsa phulusa ndi timichenga, n'kuzisiya zitamira. Kathanki kaja ndinakakhuthula, ndinakatsukuluza mobwerezabwereza mpaka mphuno yanga inaleka kumva sopo. Migolo yabuluu inali gwaa, koma pansi pa bedi lathu panali chigubu chimodzi cha madzi a mvula chimene ophika sanachione. Ndinachikokera kuchipinda chochezera, ndinathira m'chidebe, ndinamasula thumba lija.

Ndinali nditaonerera ntchito imeneyi kambirimbiri, ndipo kutakasa ndinkatakasa ndine. Ndinathira mchere ndi kapu ya amuna anga, n'kutakasa ndi mthiko umene anandilanda kalekale, mpaka madzi anayera. Kenaka ndinatenga kagalasi koyezera mchere, kaja koyandama kokhala ndi timizere, n'kukaika m'chidebemo. Kanavinavina n'kuima. Ndinawerama, koma timizere take n'tating'ono kwambiri, ndipo kunja kunali kutada. Ndinatembenukira kukhonde.

"Bambo a Tusekile, tabwerani muone ngati mchere wakwana."

Mawu anatuluka okha, mokweza, monga mwa Loweruka lililonse. Kuchipinda chakuseri macheza anaduka. Patapita kanthawi alamu anga aakazi anabwera n'kuima pakhomo. Sindinawayang'ane. Kenaka ndinamva mapazi awo akubwerera.

Magalasi a maso a amuna anga anali pawindo, pamene anawasiya m'mawa wa Lachiwiri, mwendo umodzi womanga ndi ulusi. Ndinawapukuta ndi chitenje n'kuwavala. Anali aakulu, ankatsetsereka pamphuno, koma timizere tija tinaoneka. Mchere unali utaperewera pang'ono. Ndinawonjezera, n'kuyambanso kutakasa, ndipo m'nyumba monse simunamveke china koma mthiko ukugunda m'mbali mwa chidebe.